Nazale ya Ponsiano

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ine, munthu amene ndinakalambira m'mitengo ya boma, ndinkathera masiku anga opuma pa nazale ya munthu wina. Amayi anu ankati ndinadyetsedwa mankhwala. Yankho lake ndi lalitali, ndiye ndalilemba. Za ubwana wanga ku Kasina ndazilumpha, chifukwa sizisiyana ndi za mwana aliyense wa kumeneko: kulima, katekisimu ndi kuzizidwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Chongoni

Ntchito tinaiyamba tsiku limodzi, ine ndi Ponsiano. Tinakulira limodzi, tinaphunzira sukulu imodzi ya mishoni, ndipo m'kalasi ine ndinkamuposa. Ndalemba zimenezi chifukwa ndi zoona, komanso chifukwa amene akanandichitira umboni anatha onse. Anatilemba pa nazale ya boma, m'mphepete mwa nkhalango. Ntchito yake inali kusefa dothi, kulithira m'machubu, kufesa paini, kuthirira, kuzulira udzu ndi kusuntha machubuwo kuti mizu isalowe pansi. Mvula ikakhazikika malole ankabwera kudzanyamula mbande zonse kupita nazo kuphiri, ife n'kuyambiranso. Paini sasintha nkhope. M'dzinja ndi wobiriwira, m'chilimwe ndi wobiriwira, ndipo ukamuyang'ana zaka zambiri umaiwala kuti chaka chafika pati. Chimene chinkatiuza nyengo ndi zala zathu, zimene zinkauma gwa mu Juni tikagwira kheni yothirira m'mawa nkhungu isanachoke.

Ine ntchitoyo ndinkaigwira bwino. Mizere yanga inali yowongoka ndipo mbande zanga sizinkafa chisawawa. Ponsiano ankagwira mwa apo ndi apo, mtima uli kwina. M'matumba mwake simunkasowa njere za mapichesi, ndipo kuseri kwa shedi ya zipangizo anali ndi timitengo take m'zitini zakale. Loweruka masana ankapita kwa bambo wina wokalamba amene ankasamala munda wa zipatso wa ku mishoni, kukaphunzira kumezanitsa, ndiye kuti kulumikiza kanthambi ka mtengo wobala bwino pa tsinde la mtengo wina. Patapita zaka zingapo ine anandikweza kukhala kapitawo. Anandipatsa yunifolomu ya khaki, njinga ndi nyumba ya boma. Ponsiano sanamupatse kanthu, ndipo ndinkayembekeza kuti zimupweteka. Iye anangoyamikira njingayo, n'kupempha kuti aikwereko pang'ono.

Mwezi womwewo ananditengera pambali. Anali atakwatira Nachisale, wa m'mudzi wa kumunsi kwa nkhalango, ndipo akuchikazi anamupatsa dimba lalikulu m'mbali mwa mtsinje womwe unkadutsa pa nazale yathu.

"Achimwene, ine ndikusiya," anatero. "Tiyeni tonse. Inu mumadziwa dothi, ine ndimadziwa mpeni. Tizigulitsa mbande za zipatso."

"Ndisiye penshoni chifukwa cha mapichesi? Ndani angagule mtengo kuno, nkhalango ili pakhomo?"

"Paini sadyedwa, achimwene."

Ndinamuseka. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi anu, Nangozo, ndipo tinasekera limodzi.

Zaka za m'ma 1970

Ponsiano atasiyadi ntchito, ulendo woyamba ndinapita kukaona mmene akuvutikira. Ndinapeza chisakasa cha udzu, zitini zadzimbiri ndi Ponsiano wowonda, kabudula ali zigamba zokhazokha. Ndinabwerako ndikuimba mluzu panjinga. Zinakhala choncho kwa zaka zingapo. Kenako boma linayamba kusamukira ku Lilongwe. Nyumba zatsopano zinamera pa chigwa chopanda mthunzi, ndipo bwana aliyense wosamukira kumeneko ankafuna mpanda wa maluwa, mtengo wa mapeyala kuseri ndi rozi pakhomo. Msewu wochokera kummwera umadutsa ku Dedza. Wina anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina, ndipo magalimoto anayamba kukhota m'kanjira ka fumbi ka kwa Ponsiano. Masisitere ankabwera, aphunzitsi ankabwera, akazi a mabwana ankatsika m'galimoto atakwinya zitenje poopa matope. Zitini zija zinasanduka machubu atsopano, pa nthawi imene ife ku boma machubu ankatisowa mpaka tinkachapa akale ong'ambika. Nyumba yake anaifolera ndi malata. Anthu amene kale ankanditchula kuti a kapitawo anayamba kunditchula kuti anzawo aja a bambo a maluwa.

Komabe sindinasiye kupita. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi njinga inkalunjika yokha. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali benchi, ndipo ndikakhala pamenepo chaka chinkaoneka ndi maso. M'dzinja bwalo linkadzaza anthu onyamula mbande pamutu ndi m'madengu, pakumveka fungo la manyowa onyowa ndi masamba a tomato. M'masika Nachisale ankayanika mbewu za maluwa m'malichero, akuingitsa nkhuku ndi kamtengo. M'chisanu mapichesi ndi mapulamu ankayoyola masamba onse n'kukhala ngati afa, Ponsiano ali pakati pawo ndi mpeni wake, osalankhula ndi munthu. Ndiye mu Ogasiti, dziko lonse lili fumbi ndi utsi wa lupsa, mitengo yomweyo inkachita maluwa ofiirira popanda tsamba ndi limodzi lomwe, njuchi zikulira mpaka kumsewu. Ndikafika ndi mkwiyo wa ku ntchito, wa malipiro ochedwa kapena wa bwana wokalipa, unkatha ndisanamalize kapu ya tiyi. Malo ena onse sindinapezepo mpumulo wotere, ngakhale m'tchalitchi, Mulungu andikhululukire. Koma ndikangokwera njinga kubwerera, china chinkayamba kundidya. Ndinkafika kunyumba n'kuyang'ana bwalo lathu losesedwa bwino lopanda kanthu, paini kumanja, paini kumanzere.

Amayi anu nawonso sankandithandiza.

"Nachisale wadzala maluwa mpaka kuseri kwa bafa," ankatero akusesa.

"Pa nyumba ya boma sadzalapo chokhalitsa. Mawa akatisamutsa, adzadyerera ndani?"

"Ine ndangonena."

Inu ana munkabwerako milomo ili psuu ndi mapulamu, nkhani zili za bambo aang'ono a Ponsiano basi. Mmodzi wa inu, sindimutchula dzina, anandifunsa tsiku lina kuti mitengo yanga idzabala liti.

Chilimwe cha chaka chimene mvula inachedwa

Zimenezi zinachitika chakumapeto kwa zaka zomwezo. Mtsinje uja unkachokera m'nkhalango. Kumtunda kwa nazale yathu kunali kadamu ka miyala. Ngalande imodzi inkabweretsa madzi kwa ife, otsala ankasefukira kumunsi, kwa Ponsiano ndi ku madimba a m'mudzi. Chaka chimenecho mtsinje unaphwa n'kutsala wongochucha. Novembala anafika kumwamba kuli mbee. Tinali ndi bwana watsopano, a Chinkhota, munthu wophunzira amene ankakhala ku boma n'kumabwera pa galimoto. Sanali woipa mtima, koma anali ndi mantha, ndipo mantha akewo anali ndi chifukwa. Mu Januwale akuluakulu a chipani ankayenera kubwera kudzatsogolera mwambo wodzala mitengo, ndipo midzi yonse yozungulira inalonjezedwa mbande. Masiku amenewo chinthu chikalephereka pamaso pa alendo otere, sankafunsa za mvula. Ankafunsa dzina la munthu.

"Kapitawo, mutseke kadamu kaja ndi matumba a mchenga," anatero. "Dontho lisapite kumunsi."

"Bwana, kumunsi kuli madimba. Kulinso nazale ija."

"Ndikuidziwa. Mnzanu uja walemera ndi madzi a boma. Apumeko chaka chino."

Mawu amenewo anandikomera. Ndinawabwereza mumtima tsiku lonse ndikuyendera mizere. Kwa nthawi yoyamba munthu wina anali atanena mokweza zimene ine ndinkangomeza. Ndiponso lamulolo silinali langa. Ndikanatseka, n'kutsikira kwa Ponsiano ndi nkhope yachisoni, n'kumuuza kuti boma ndi boma, palibe akanandiloza chala.

Ndinawauza amayi anu, ndikuganiza kuti amudandaulira Nachisale wawo. Iwo anasiya kusenda mbatata n'kundiyang'ana.

"Tsekani," anatero. "Mukudziwa kumene amapita anthu osamvera. Maluwa sadzatilerera ana."

M'mawa mwake ndinauza anthu anga kuti adzaze matumba, ine n'kutsikira kumunsi. Mwina ndinkafuna kuiona komaliza nazaleyo. Ndinapeza Ponsiano ndi Nachisale akutapa madzi ndi zikho pa kadziwe, mtengo uliwonse ukulandira pang'ono ngati mankhwala. Mbande zimene anamezanitsa m'chisanu zinali zitatulutsa timasamba tanthete. Za matumba aja sankadziwa kanthu. Anandikhazika pansi, Nachisale n'kubweretsa mapichesi oyamba m'mbale, aang'onoang'ono chifukwa cha dzuwa. Ndinadya ndikuyerekeza malowo atauma, mizere ya timitengo takufa, magalimoto akubwerera pa chipata. Ndinayembekeza kuti mtima usangalala, ndipo unasangalaladi pang'ono. Koma panabwera funso lina limene sindinalikonzekere: nanga Lamlungu ndizidzapita kuti? Musaganize kuti bambo anu anali woyera. Amayi a madimba ndinawaganizira, inde, koma kwenikweni ndinadziganizira ndekha, nkhalamba yokhala pakati pa paini moyo wonse yopanda kokaonera Ogasiti.

A Chinkhota atabweranso anapeza matumba ali mulu pambali pa kadamu, madzi akudutsa.

"Bwana, sinditseka," ndinatero. "Tigawane madziwo. Ife m'mawa, iwo masana. Anthu anga azitunga ndi ndowa pa dziwe la m'nkhalango."

"Mbande zikafa?"

"Zina zifa."

"Mukulidziwa dzina la zimene mukuchitazi?"

"Ndikulidziwa, bwana."

A Chinkhota akanatha kutuma wina, koma antchito ambiri anali akamwini a m'mudzi womwewo, ndipo dimba lina kumunsiko linali la atcheyamani a chipani a m'deralo. Iwo ankafuna kuti dzanja lotseka likhale langa, kuti phokoso likabuka ligwere ine. Anakwera galimoto osatsanzika.

Tinatunga madzi mpaka mapewa kutupa. Mvula inagwa chakumapeto kwa Disembala, mizere yambiri ya kumtunda itapsa kale. Alendo atabwera tinaika mbande zobiriwira kutsogolo, amayi anavina, zokamba zinakambidwa, koma midzi ina inabwerera chimanjamanja ndipo nkhani inafika kumene inayenera kufika. Sanandimange, ndipo pa chimenecho ndimathokoza mpaka lero. Anandisamutsira ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri, ndipo udindo wina umene ndinamva kuti akundiganizira unapita kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ine kugwira kheni.

Tsiku lopakira katundu Ponsiano anabwera kudzathandiza. Anamanga matiresi pa lole, n'kupukuta manja pa buluku.

"Pepani, achimwene. Koma ndinakuuzani kale kuti boma silithokoza. Mukanandimvera nthawi ija, bwenzi pano tili limodzi."

Nazale yake inali itapulumuka yonse. Ndinapitiriza kupakira katundu. Amayi anu sanandilankhule mpaka titatsika phiri lonse.

Zaka za m'ma 1980, ku Golomoti

Munthu wobadwira kumapiri kumunsi kuja amakhala ngati amuika m'chiphika. Nazale yake inali yaing'ono, ya mitengo ya nkhuni, ndipo madzi tinkadalira mjigo umene unkafa kawirikawiri. Mawilibala analibe matayala, makheni ankadontha, ndipo ndikapempha zatsopano ankandiyankha kuti zikubwera. Amayi anu malungo anawakonda, chaka chilichonse ankagona nawo. Marita, mwana wathu woyamba, tinamusiya kumtunda kuti apitirize sukulu, ndipo Nachisale ndiye anati azikhala kwawo. Ndinavomera chifukwa panalibe kuchitira mwina, koma zinandiwawa kuti ngakhale mwana wanga akulira m'munda umenewo.

Kumunsi kuja nyengo ndi ziwiri, kutentha kouma ndi kutentha konyowa. Ndiye mwezi ukafika umene ndinkadziwa kuti kumtunda mitengo yayoyola kapena yachita maluwa, thupi silinkakhazikika. Ndinkaika khadi la chipani m'thumba la malaya, chifukwa popanda ilo sunkapita patali, n'kukwera matola. Galimoto ikamakwera phiri mphepo yozizira inkandimenya kumaso, ndipo ndinkayamba kupuma ngati munthu. Ulendo uliwonse ndinkapeza china chatsopano: mzere wa maapozi, sitiroberi, antchito owonjezera, kenako lole yakale imene Yohane, mwana wawo wamkulu, ankaperekera mbande ku Lilongwe. Ndinkayamikira ndi pakamwa pokha.

Za kadamu zija amayi anu ndiwo anaulula. Anakumana ndi Nachisale pa maliro ku Kasina, ndipo pakati pa nkhani zina anamufotokozera. Nditapita ulendo wotsatira Ponsiano sanakhale pansi. Anaima patsogolo panga chipewa chili m'manja.

"Bwanji simunandiuze, achimwene?"

"Ukanatani?"

"Ndikanathokoza."

"Ndiye thokoza."

Anathokoza, misozi ili m'maso, ndipo Nachisale anagwada. Zaka zonsezo ndinkalota tsiku limeneli, koma litafika silinandikhutitse. Iye anatsala ndi nazale yake, ine ndinabwerera ku Golomoti ndi zikomo. Anandilongedzera mbande zabwino koposa za mapichesi ndi maapozi, osalola kuti ndipereke kanthu, ndipo zonse zinapsa kumunsi kuja zisanaone dzinja lachiwiri. Mwina ndi mkwiyo umenewo umene unandichititsa kunola mpeni wanga wa m'thumba n'kuyamba kumezanitsa mango kuseri kwa nyumba, ndikutsanzira zimene maso anga anaona kwa iye. Zoyamba zinauma, zotsatira zinagwira. Palibe galimoto imene inakhota kudzaziona.

Kenako Marita ndi Yohane anakondana, monga aliyense akanayembekezera kupatula ine. Pa ukwati anthu ankandigwira chanza n'kumati, "Mwana wanu wagwera pabwino, a kapitawo." Palibe amene anauza Ponsiano kuti mwana wake wagwera pabwino, ngakhale Marita anali mphunzitsi wa satifiketi. Kuyambira tsiku limenelo "iwe" anatha pakati pathu, tinayamba kutchulana kuti asewere.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Nditapuma pa ntchito tinabwerera ku Kasina, kwawo kwa amayi anu. Penshoni imene ndinakanira mapichesi ija inabwera, ndipo inakwanira malata a nyumba ndi feteleza wa chaka chimodzi. Chisanu choyamba ndili pakhomo, Marita anabwera ndi mwana kumsana.

"Bambo, apongozi manja akuwanjenjemera. Yohane amakhala pa msewu ndi lole, ndipo antchito akuononga mbande. Nyengo yomezanitsa ikutha."

"Akutuma ndi iwowo?"

"Sananditume. Koma dzulo anafunsa ngati mango anu aja anabala."

Ndinapita. Ndinawapeza asewere atakhala pa mpando pa dzuwa, atafunda bulangeti, ataonda ngati masiku a zitini aja. Anatulutsa mpeni m'thumba, chigwiriro chake chitasalala ndi zaka, n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Asewere, mpeni uwu wandikana."

Ndinagwada pa mzere woyamba, ndinadula tsinde, ndinasema kanthambi, ndinalowetsa n'kumanga. Iwo anasuzumira kwa nthawi, n'kunena kuti ndimange molimbirapo. Sananene china, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira. Ndinagwira ntchito imeneyo mwezi wonse wa Julaye, kupita m'mawa, kubwerera dzuwa likupendeka, mawondo ali dothi, zala zitauma ngati kale.

Tsiku lina kunabwera galimoto yochokera ku Lilongwe. Munatsika mayi wina wachikulire wovala bwino. Anayang'ana uku ndi uku, n'kubwera pamene ndinagwada.

"Pepani bambo, ndinu eni ake a malo ano?"

Yankho ndinali nalo, koma ndinayang'ana kaye kwa asewere. Ndiye mawu anachokera pa mpando paja.

"Ndi omwewo, mayi. Ine ndine mlendo, ndangobwera kudzaothera dzuwa."

Mayi uja anandipempha kuti ndimuyendetse. Ndinamuyendetsa nazale yonse. Ndinamuonetsa mapulamu amene amabala msanga ndi amene amachedwa, rozi amene amapirira dzuwa la ku Lilongwe, peyala limene siliyenera kuyandikira maziko a nyumba. Chilichonse chimene anafunsa ndinkachidziwa, ndipo ndinadabwa ndekha kuti malowo ndinkawadziwa chotere. Sindinaname, komanso sindinakonze. Pokwera galimoto anatembenuka.

"Muli ndi mwayi, bambo, kukalambira pa malo ngati ano. Ife timangowasirira."

"Ndi chisomo, mayi," ndinayankha.

Fumbi la galimoto litatha ndinamva asewere akuseka, mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Nachisale anabweretsa madzi. Atapuma anandiyang'ana.

"Zakoma, asewere?"

"Zakoma."

"Ndiye mawa mulawire. Eni ake safika dzuwa litakwera."

Asewere anatisiya mvula ya chaka chotsatira isanagwe. Pa maliro panali magalimoto ambiri kuposa amene ndinaonapo pa maliro a munthu wa m'mudzi, ndipo ndinawayang'ana onse. Mbande zimene ndinamezanitsa zambiri zinagulidwa, koma Yohane anasunga zina n'kuziokera m'munda mwawo. Zinakula, ndipo zimabala kwambiri. Anthu akamagula zipatso zake pa msewu amati ndi mapichesi a Ponsiano. Mukadzamva wina akutero musadzakangane naye. Koma mzere wa kumtunda, woyandikana ndi mpanda, ndinamezanitsa ndine. Adzukulu muziwauza.